Sizoni Imodzi ndi Basela

Pamsika wa Santhe mukafunsa munthu amene sanagonjepo pa kunenerera malonda, akulozerani benchi yanga, yachitatu kuchokera pomwe amakonzera njinga. Sikudzitama ayi, ndikungobwereza zimene anthu akudziwa kale. Ndagulitsa kaunjika zaka zoposa makumi awiri. Ndinagulitsapo jekete laubweya mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kwa munthu amene thukuta linali kamukamu, ndipo pochoka anandithokoza. Mkulu wina anabwera kudzabweza buluku loti linamuthina m'chiuno, anabwerera kwawo ndi buluku lomwelo, ataguliranso lamba. Choncho mwana wanga wamkazi atati akufuna tikambirane, mumtima ndinamumvera chisoni. Ndinati mwana uyu sakudziwa kuti walowa m'bwalo la ndani.

Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi ndi makoko a chimanga m'njira. Mwanayo anali atalemba mayeso a Fomu 4 mwezi wapitawo. Zotsatira zinali zisanatuluke, koma panalibe womukayikira. Kuyambira ku pulayimale aphunzitsi ankandiimitsa panjira kundiuza kuti ndili ndi mwana wamutu. Ine ndinali nditakonza kale zonse. Ndinapita ku Kasungu, ndinakatenga fomu ya koleji ina ya uphunzitsi yomwe imalandira ophunzira mu Januwale, ndinaikulunga m'jumbo n'kuiika pansi pa matiresi, kumene mbewa ndi alendo safikako.

Tsiku limenelo ndinali pakhonde ndikumasula belo la madiresi. Anabwera n'kukhala pansi chapatali pang'ono, miyendo atapinda, ulemu wake wonse uli pamenepo.

"Ababa, ndili ndi pempho."

"Ngati ndi diresi, zapamwambazi usakhudze, n'za makasitomala."

"Si diresi. Ndikupempha chaka chimodzi ndisanapite kukoleji."

"Chaka? Chathunthu, ndi Khirisimasi yake yomwe?"

"Chathunthu. Aphunzitsi athu ankanena kuti si kulakwa munthu akamaliza sekondale kuima kaye, aone chimene akufunadi, kenako n'kupitiriza. Ndiye ine ndaganiza kuti ndipite kwa amalume, chifukwa kumeneko..."

Ndinakweza dzanja, n'kumudula mawu. Pamalonda ndili ndi lamulo langa: wogula usamulole kufotokoza chifukwa chimene akufunira chinthu. Akayamba za maliro a azakhali ake ndi ukwati wa Loweruka, umamva chisoni, ndipo chisoni chinapha nkhwali. Iwe umve mtengo wake basi.

Koma mawu akuti chaka chimodzi anandilasa pena pake, ndipo ndiyenera kuulula. Inenso ndinapemphapo chaka chimodzi. Nditamaliza Fomu 2 ndinauza malemu bambo anga kuti ndiime kaye, ndigulitse malaya pang'ono, ndigule nsapato ndi nyale yowerengera, ndidzabwerere kusukulu chaka chamawa. Anavomera. Chaka chimenecho chikupitirirabe mpaka lero. Ndakwatira m'chaka chomwecho, ndabereka ana m'chaka chomwecho, imvi zandipeza m'chaka chomwecho. Yunifolomu yanga ndinaigulitsa ndekha, pamtengo wabwino ndithu. Ndiye pamene mwana wanga ankati chaka chimodzi, ine ndinkaona benchi ina pafupi ndi yanga, iye atakhalapo, mwana kumsana, akukuwira anthu odutsa. Chimene ndinkaopa n'chimenecho: kuti akangoima, sadzanyamukanso.

Mayi ake anamva zonse ali kuseri, akupeta soya. Anati, "Abambo ake, nkhani ya mwana siitha popanda amalume ake. Itanani achimwene abwere Lamulungu."

Ndinavomera msanga, chifukwa alamu angawo ndinkawadziwa. Ndi mlimi wa fodya wa bale, amakhala kumudzi kwa akazi anga, ulendo wa ola limodzi panjinga. Munthu wodekha, wolankhula ngati akulipira liwu lililonse. Pa kunenerera ndiye alibe mwayi. Ukawauza mtengo amangoti "chabwino" n'kupisa m'thumba, mpaka iwe wogulitsa kuchita manyazi. Ndinati mboni yotere ndi yabwino, siisokoneza.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Alamu anapatsidwa mpando ndi mbale ya mtedza wosasenda. Mayi ake anakhala pamkeka. Mwana anakhala moyang'anana nane, ngati wogula.

"Tamva pempho lako," ndinayamba. "Ndiwe mwana wabwino, watopa ndi mabuku. Ndikupatsa masabata awiri."

"Chaka, Ababa."

"Mwezi. Ndipo ndikuchita izi chifukwa ndiwe wanga, wina sindingamupatse."

"Chaka."

"Iwe, ponenerera munthu amatsikako. Ine ndakwera, iwe uli pomwepo ngati chitsa."

"Chabwino. Miyezi khumi ndi umodzi, ndi masabata atatu."

Alamu anatsamwa ndi mtedza. Mayi ake anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

"Miyezi iwiri," ndinatero. "Ndaluza kale pamenepa."

"Ababa, mukanandimva kaye. Amalume anandiuza kuti kuli kamunda kena kumunsi kwa..."

"Za kamunda mukakambirana konko. Miyezi iwiri."

Pamenepo mwanayo anadzuka, anakonza chitenje, anati, "Zikomo, ndiye ndiona kwina," n'kuyamba kulowera kukhitchini. Pang'onopang'ono, osacheuka. Ndinazindikira kayendedwe kameneko. Ndi kanga. Ndinamuphunzitsa ndekha ali Sitandade 5, pomutuma kukagula tomato: ukaona kuti wogulitsa wauma, tembenuka, uyende ngati uli ndi kwina kopita, koma makutu uwasiye kumbuyo. Ndipo ndinamuuzanso kuti wogulitsa amene waitana wochoka ndiye kuti wagonja. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma pakamwa panga panatseguka pokha.

"Tabwera, mayi, tabwera. Tiyankhulane ngati anthu."

Anabwerera, n'kukhala pomwe anali.

Ndinafuna mawu oti amveke aakulu koma m'kati muli mochepa, ngati mulu wa tomato woika pamwamba pa mwala. Ndipo ndinawapeza.

"Sizoni imodzi. Mtengo womaliza umenewo. Ukakana, pita."

Tsono mumvetse. Kwa ife amalonda, sizoni ndi nthawi imene alimi agulitsa fodya, ndalama zili m'matumba. Imayamba chakumapeto kwa Epulo, ikafika Ogasiti yazilala. Ndi nthawi imene munthu amagula wailesi ziwiri, ina yomvera iye, ina yomvera njinga. Miyezi inayi, ikakoma isanu. Moyo wanga wonse ndikati sizoni ndimatanthauza imeneyo. Ndinawerenga ndi zala pansi pa mpando: Ogasiti, Seputembala, Okutobala, Novembala, n'kuponyerapo Disembala waulere. Januwale mwana ali m'kalasi.

Mwanayo anayang'ana amalume ake. Alamu anasiya kutafuna.

"Sizoni ya fodya, Ababa?"

"Kuno kuli sizoni ya nthochi?"

"Kuyambira poyambira mpaka pomalizira?"

"Mpaka pomalizira."

"Amalume, mwamva?"

"Ndamva," anatero alamu, n'kuyambanso kusenda mtedza.

"Ndavomera," anatero mwanayo.

Wogula akavomera msanga, wogulitsa wanzeru amayang'ananso katundu wake, kuopa kuti mwina m'thumba la jekete muli kanthu. Ine sindinayang'ane. Ndinali kalikiliki kudziyamikira mumtima kuti chaka ndachidula n'kutsala miyezi isanu. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Nanga basela, Ababa?"

Ndinaseka mpaka kugunda ntchafu. Mwana wangadi uyu, sachoka pamalonda popanda kapamwamba.

"Nena."

"Lachiwiri simupita kumsika. Muzibwera kudzandithandiza ntchito kwa amalume, mpaka sizoni ithe."

"Basi? Tenga."

Tinagwirana chanza pamaso pa amalume ake ndi mayi ake. Alamu anapukuta manja, anakwera njinga, anati, "Mawa abwere ndi zovala zakumunda."

Lachiwiri loyamba ndinapita nditavala malaya oyera, poganiza kuti ntchito yanga ikhala yolangiza. Ndinawapeza kudambo, akumanga mpanda wa udzu kuzungulira nazale. Mwana wanga anandipatsa chikwakwa. Sabata yotsatira anandipatsa khasu lokonzera mabedi. Mbewu itafesedwa anandipatsa makheni awiri, n'kundilozera chitsime. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, koma imamwa madzi ngati ng'ombe. Uthirire m'mawa, uthirire madzulo, ndipo uthirire mofatsa ngati ukusambitsa khanda. Ine ndinathira mwachangu kuti ndithane nazo, n'kukokolola theka la bedi.

"Ababa, si moto ukuzimitsidwa," anatero.

"Manja a alamuwa anazolowera kupinda madiresi," anatero amalume ake. "Uwakhululukire, mwana."

Ndinapirira. Ndinkati mumtima, mwana wasukulu uyu, dzuwa la Okutobala likamuwamba bwino adzathawa yekha, adzandipempha fomu ija akulira. Sanathawe. Anada, manja anachita zikang'a, koma m'mawa uliwonse ankakhala woyamba kudambo. Anali ndi kope limene ankalembamo za mabedi ake, lomwe lamera msanga, lomwe lagwidwa ndi tizilombo. Ankafunsa amalume ake mafunso mpaka iwo kuthawira kuchimbudzi. Ine zonsezi ndinkaziona, koma ndinkangoti ndi masewera a mwana amene akudikira Januwale.

Zotsatira zitatuluka, anakhoza bwino kwambiri, moti ndinayenda msika wonse ndikupereka moni ngakhale kwa anthu amene sindilankhulana nawo. Ndinakwera minibasi kupita ku Kasungu kukagula sutikesi. Ndinanenerera kuyambira m'mawa mpaka mwini sitolo anandipempha kuti ndingoitenga ndichoke, makasitomala ena alowe. Sutikesi yofiirira, yamatayala, ya zipi ziwiri.

Sabata ya Khirisimasi isanafike ndinaimanga pakaliyala ya njinga, ulendo kwa alamu. Mvula inali itagwa usiku wake, njira yonse matope. Ndinawapeza m'munda akuwokera fodya pamodzi ndi aganyu. Mwana wanga anali atawerama, mbande m'manja, matope mpaka m'mawondo. Mayi ake analinso komweko, anapita dzana lake kukathandiza.

Ndinaimika njinga pachulu, n'kuimba belu.

"Mayi, samba m'manja. Sizoni yatha, tiye ukakonzeke."

Mwanayo anaweramuka, n'kuyang'ana sutikesi, n'kuyang'ana ine.

"Yatha bwanji, Ababa? Fodya tikumubzala lero."

"Miyezi inayi yakwana. Ndawonjezeranso masiku."

"Sitinapangane miyezi. Tinapangana sizoni ya fodya, kuyambira poyambira mpaka pomalizira. Poyambira ndi nazale. Pomalizira ndi belo lomaliza likagulidwa ku okushoni."

"Sizoni ndi miyezi inayi, aliyense akudziwa."

"Aliyense wapamsika," anatero mayi ake, osaweramuka n'komwe.

Ndinatembenukira kwa mboni. "Alamu, tanenani chilungamo. Sizoni ndi miyezi ingati?"

Alamu anatsamira khasu. Anayamba kuwerenga ndi zala, modekha, ngati munthu amene alibe kopita. "Ogasiti, mpanda wa nazale. Seputembala, kufesa. Okutobala, Novembala, kuthirira ndi kuunga mizere. Disembala, ndi uyu tili naye." Anapitiriza: kupalira, kubandira, kuthyola, kusoka, kuyanika, kusankha, kudinda mabelo. Zala za m'manja zitatha anayang'ana kumapazi, koma zala zakumeneko zinali m'matope, ndiye anabwereka zanga zitatu. "Belo lomaliza limapita mu Ogasiti winayo. Khumi ndi itatu, alamu."

"Chaka chili ndi miyezi khumi ndi iwiri."

"Cha pakalendala. Cha fodya chili ndi khumi ndi itatu. Si inu nomwe mumatiseka nazo pabenchi panu paja?"

Zoona, ndi nthabwala yanga. Mlimi aliyense wobwera kudzagula malaya ndimamuuza kuti inu a fodya Mulungu anakuonjezerani mwezi, ndiye musanenerere. Ndainena zaka makumi awiri, osadziwa kuti ndikunola mpeni wodzandichekera ndekha. Mwana anapempha miyezi khumi ndi iwiri. Ine katswiri ndinalimbana naye masana onse, thukuta kutuluka, mpaka ndinamutsitsa kufika pa khumi ndi itatu.

"Ndiye kuti panali kusamvana," ndinatero. "Tiyambirenso."

"Ababa, pabenchi panu pali chikwangwani. Chimati chiyani?"

Mayi ake ndi amene anayankha, mokweza, kuti ndi aganyu omwe amve: "Katundu wogulidwa sabwezedwa."

Munda wonse unaseka. Ine sindinaseke. Ndinakankha njinga n'kukakhala pansi pa mtengo wa mthethe kumalire a munda, sutikesi ili pambali panga ngati mlendo amene wasowa womulandira. Patapita nthawi mwanayo anabwera, anasamba m'manja m'chithaphwi, n'kukhala pansi.

"Mwakwiya, Ababa."

"Sindinakwiye. Malo ako akoleji apita kwa mwana wa munthu wina, basi."

"Apite. Uphunzitsi sindiufuna. Ndinkafuna kukuuzani tsiku lija, munakweza dzanja. Lamulungu lija ndinayesanso, munati za kamunda tikakambirane konko."

"Nena tsopano. Dzanja latopa."

Anandiuza. Ankafuna kuphunzira zaulimi. Koma ankaopa kuti mwina akungozikonda za m'buku, zojambulidwa bwino, zopanda matope. Ndiye anati ayambe walima yekha mbewu yovuta kuposa zonse, kuyambira kufesa mpaka kugulitsa. Akafika kumapeto asanadane nayo, ndiye kuti njira yake ndi imeneyo. Akadana nayo, adzatenga fomu yanga ija popanda kutsutsa.

Pamenepo ndinamuuza za chaka changa chija, chimene sindinauzepo mwana wanga aliyense. Za nsapato, za nyale, za yunifolomu. Anamvetsera mpaka kumapeto, osakweza dzanja.

"Inu munapangana ndi agogo kuti chidzatha liti?" anafunsa.

"Tinangoti chaka chamawa."

"Chaka chamawa sichifika, Ababa. Changa chili ndi pothera. Belo lomaliza likapita, ndapitanso. Ndipo ine ndili ndi mboni."

Ndinayang'ana mboniyo. Inali itawerama pamzere, ikubzala fodya wa mwana wanga.

"Komanso lero ndi Lachiwiri," anatero mwanayo, n'kundipatsa mtolo wa mbande.

Sutikesi inabwerera kunyumba yopanda kanthu. Ndinaiika pamwamba pa kabati. Januwale anafika, n'kudutsa. Tsiku limene koleji ija inatsegulira ndinali m'munda ndikuthira feteleza ndi kachitsekero ka botolo, phando lililonse kamodzi, msana ukulira ngati chitseko chakale. Basela uja ndinali nditamuiwala kuti nayenso watalika. Ndinalonjeza Lachiwiri la miyezi isanu, ndinapezeka ndagulitsa Lachiwiri lililonse la chaka chonse, ndi mwezi wapamwamba.

Nthawi yothyola ndi imene ndinadziwa kuti alimi amene ndimawadyera pamsika ndi anthu oyenera kuwavulira chipewa. Fodya amathyoledwa kuyambira masamba apansi, ndipo utomoni wake umamata m'manja, wakuda, wowawa, sopo amachita kuugwadira. Ukatero ukhale pansi pa chigafa, shedi yaudzu yoyanikamo fodya, uzisoka masamba ndi singano yaitali n'kumawapachika pamikangala. Lachitatu ndikafika pamsika makasitomala ankakana kuti ndigwire madiresi oyera. Mayi wina anandifunsa ngati ndayamba kuwotcha makala. Anzanga apabenchi anandipatsa dzina loti Tenanti, ngati wolima fodya m'munda wa wina, ndipo mpaka lero ena amandiitana choncho.

Pa kusankha ndi pamene ndinati tsopano nzeru zanga zigwire ntchito. Fodya akauma amasankhidwa tsamba ndi tsamba, lalitali palokha, lofiirira palokha, lothothoka palokha, kenako n'kudindidwa m'mabelo ndi jeke. Belo ndimalidziwa ine, ndi moyo wanga. Ndinamukokera mwanayo pambali.

"Tamvera, mayi. Belo lili ndi nkhope ndi mimba. Kunkhope uike masamba okongolawa. M'mimba uponyemo zothothokazi. Kaunjika yense amabwera choncho, pamwamba masuti, pakati makatani."

"Ndiye inu mukatsegula belo lotero mumamva bwanji?"

"Ndimatukwana."

"Ku okushoni satukwana, Ababa. Amapisa dzanja mpaka m'mimba, akapeza zosakaniza amalibweza belo lonse. Mudzalinyamula ndinu panjinga."

"Alamu," anatero amalume ake ali pajeke, "kumeneko kulibe zoti ndikuchitirani chifukwa ndinu wanga."

Ndinabweza zothothoka zija pamulu wake, chimodzichimodzi, mwana wanga akundiyang'anira ngati kapitawo.

Ulendo wina ndinawaperekeza ku okushoni, mabelo a mwanayo atapita pamodzi ndi a amalume ake. Ndinavala jekete, ndinakonza kukhosi, ndinati lero aone mmene timagulitsira. Ndinapeza msika wodabwitsa. Mabelo ali m'mizere, ogula akuyenda mofulumira ngati akuthawa mvula, wina akung'ung'udza mawu osamveka, ndipo usanatsegule pakamwa adutsa kale, mtengo walembedwa pakapepala. Mwini katundu amangoima poteropo, manja kumbuyo. Ndinayesa kutsatira mmodzi kuti ndimuuze kuti bwana, tayang'anani bwino tsambali, koma alamu anandigwira jekete.

"Kuno amalankhula ndi fodya, alamu. Inu pumulani."

Fodya wa mwana wanga analankhula bwino. Palibe belo limene linabwezedwa. Pobwerera, m'lole, ndinakhala chete njira yonse, zomwe akazi anga atamva anati zikanayenera kulengezedwa kutchalitchi.

Koma mtima wanga sunakhazikike, chifukwa ndinazindikira chinthu china chokhudza mwezi wa khumi ndi chitatu uja. Mweziwo suima pawokha. Umalowana ndi woyamba wa sizoni inayo. Ogasiti atafika, belo lomaliza lili m'chigafa kudikira lole, alamu anali atayamba kale kumweta udzu wa mpanda watsopano. Ndi mmene fodya amagwirira anthu: usanatsanzike, wakupatsa kale moni. Lachiwiri lina ndinafika kudambo n'kupeza mwana wanga akuyeza mabedi atsopano ndi chingwe, kope lija lili m'khwapa. Ndinaona chaka changa chija chitaima pamenepo, chitavala chitenje.

Wamalonda amadziwa kuti pali nthawi imene ukalankhula umaononga. Ndinatenga chikwakwa n'kumamweta udzu, maso ali kwa iye.

Belo lomaliza linapita Lachisanu la sabata yomaliza ya mweziwo. Loweruka masana ndili pabenchi, ndikulimbana ndi mayi wina pa siketi, ndinangoona mwanayo waima kutsogolo kwanga, atasamba, atavala diresi, manja okha ndi amene ankaulula kumene wachokera.

"Ababa, sutikesi ija ilipo, kapena munagulitsa?"

Anthu atatu anaifunsapo sutikesi imeneyo, wina anafika pamtengo woposa umene ndinagulira. M'moyo wanga wonse ndi katundu yekhayo amene ndinakana kugulitsa phindu likuoneka. Koma sindinamuuze zimenezo.

"Ilipo. Yasowa wogula."

Anatulutsa kalata m'kope lija. Anali atafunsira malo kukoleji ya zaulimi miyezi ingapo m'mbuyomo, nthawi imene ine ndinkalimbana ndi utomoni, ndipo anamutenga. Ankayenera kukayamba kumapeto kwa Seputembala. Ndinawerenga kalatayo kawiri, kachitatu ndinaiwerenga mokweza. Mayi wa siketi uja anapezerapo mwayi, anaika ndalama zimene ankafuna iye pabenchi n'kumapita, ine osamuitana n'komwe.

"Nanga mabedi amene umayeza aja?" ndinafunsa.

"Awiri ndi a amalume. Limodzi ndi lanu."

"Langa? Ndinapempha bedi ine?"

"Ndikufuna kuyesa kafesedwe kena, kotalikitsa mbande. Ndidzabwera patchuthi kudzaona. Mungothirira Lachiwiri, masiku enawo amalume avomera. Mwaphunzira tsopano, simukokololanso."

"Sizoni inatha dzulo, mayi. Basela anathera pomwepo."

"N'zoona. Ndiye tipangane zatsopano. Munene mtengo wanu."

Ndinamuuza kuti ndi iyeyo sindinenereranso, angonena tsiku loyamba kuthirira.

Tinamuperekeza pasiteji ya Santhe m'mawa wina kukutentha, sutikesi yofiirira ikugudubuzika m'fumbi. Kondakitala anatchula mtengo wa katundu, ine ndinapita patsogolo kuti ndimuthandize, koma mwanayo anali atatembenuka kale, akuyenda pang'onopang'ono kulowera ku minibasi ina, osacheuka. Kondakitala anamuthamangira. Mayi ake anandigwira mkono, anati, "Musavutike, abambo ake. Mwana wa ng'ombe anaonera amake kudya udzu, koma uyu anaonera abambo ake."

Fomu ya uphunzitsi ija ikadali pansi pa matiresi. Lachiwiri ndikadapalasabe njinga ulendo wa kudambo, ndipo alamu akandiona amangoloza makheni ndi mlomo, osataya liwu. Anzanga apamsika amati ndinagonja kwa mwana wamkazi wa Fomu 4. Ine ndimawauza kuti chimene ndinkafuna n'choti mwana apite kukoleji, ndipo ali kukoleji. Iye akabwera patchuthi amati anapempha miyezi khumi ndi iwiri, analandira khumi ndi itatu ndi wantchito waulere. Akazi anga akuti tonse awiri tikudzinamiza, tiyang'ane bwino munthu uja ankasenda mtedza pansi pa mango, amene sananenerere ngakhale liwu limodzi koma anapeza alimi awiri osawafunsira. Tsono inu amene mwaimva nkhaniyi kuyambira poyambira mpaka pomalizira, tandiuzani, pamalonda amenewa anadya mnzake ndani?